Ndikukwatira mtsikana wachi Gujarati, bajeti ndiyambire pati?

Funso: Ndine Mmalawi, ndimakhala ku Leicester. Ndakhala pa chibwenzi zaka zinayi ndi mtsikana wachi Gujarati, wachihindu. Makolo ake avomera ndipo akufuna ukwati wa mwambo wonse chaka chamawa, akuti anthu 400, masiku atatu. Ine ndasunga £12,000 basi ndipo ndikuopa kufunsa kuti alipira ndani chiyani. Ndiyambire pati?

Achimwene, choyamba zabwino zonse, chifukwa makolo achi Gujarati, amwenye ochokera ku chigawo cha Gujarat ku India, akafika ponena okha kuti tikufuna mwambo wonse ndiye kuti akulandirani ndithu, akanakhala kuti sakukufunani bwenzi akukuuzani kuti kasainireni ku ofesi mwakachetechete. Koma manthawo ndi amene akulowetseni m'ngongole. Safunsa anadya phula. Ine ndathandiza mabanja angapo kuwerengera ndalama za maukwati amenewa kuno ku Leicester, ndipo amene ndinawaona akulira pambuyo pake ndi aja anangokhala chete nkumati zidzaoneka konko, kenako kwatsala milungu itatu akuuzidwa kuti reception yonse ndi yawo.

Chimene mukuchitcha ukwatichi si chinthu chimodzi ayi. Ndi zochitika zisanu ndi ziwiri kapena kuposa zomangiriridwa pamodzi ndipo chilichonse chili ndi mwini wake. Pali gol dhana, chimene ife tinganene kuti chinkhoswe chawo, dzinalo likuchokera ku shuga wanzimbe wosayenga uja ndi njere za koriyanda zimene amagawa tsikulo. Pali mehndi, tsiku lojambula manja a mkwatibwi ndi azimayi. Pali sanji kapena garba, usiku wovina mozungulira ndi timitengo tija ta dandiya. Pali mandap muhurat ndi griha shanti, mapemphero apanyumba, kenako pithi pamene amakupakani phala lachikasu la turmeric thupi lonse mpaka mumaoneka ngati mango akupsa. Pali mameru, mphatso zochokera kwa malume. Ndiye lagan, ukwati weniweniwo, ndipo pomaliza reception. Mwamwambo wakale tsiku la lagan, holo, chisakasa cha mandap chimene ukwati umachitikiramo, wansembe ndi nkhomaliro zimakhala za kuchikazi, inu akuchimuna mumangobwera ngati alendo, gulu lanu amalitcha jaan. Reception imakhala ya kuchimuna. Mapemphero apanyumba ndi pithi mbali iliyonse imapanga zake. Masiku ano kuno ku UK mabanja ambiri amagawana pakati kapena ana eni ake amalipira gawo lalikulu, nde simunganene kuti buku likutero, banja lililonse lili ndi kachitidwe kake, a Patel, a Lohana, a Jain, onse sapanga zofanana.

Nde chochita choyamba sikupita kukaona maholo. Khalani pansi ndi bwenzi lanulo awiriwiri, mutenge pepala, mulembe zochitika zonsezi motsika, ndipo pa chilichonse mulembe zinthu zitatu: mwini wake ndani, kubwera anthu angati, adya kangati. Iyeyo akafunse kaye amayi ake mwapatali, chifukwa nkhani zimenezi zimayambira kukhitchini. Kenako inu mupite ndi munthu wamkulu. Izitu ife timazidziwa kale, munthu sudzilankhulira wekha pa nkhani ya ukwati, pali ankhoswe. Ngati malume anu ali ku Malawi pezani bambo wachikulire wa kutchalitchi kwanu kapena wa m'gulu la Amalawi, avale jekete, akalankhule m'malo mwanu kuti mwana wathuyu ali ndi zakuti, akhoza kusenza izi ndi izi. Apongozi anu aziona ngati ulemu waukulu, pakuti kwa iwo ukwati ndi wa mabanja awiri, ndipo mkamwini wobwera yekha ngati wagwa kumwamba ndi amene amawadetsa nkhawa. Ndipo musadabwe mukapeza kuti m'nyumba muno muli agogo olankhula Chichewa, mabanja ambiri a kuno anachokera ku East Africa, ochuluka ku Uganda pamene Idi Amin anawathamangitsa mu 1972, koma enanso ku Limbe ndi ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 zomwezo Kamuzu atawachotsa m'matauni ang'onoang'ono.

Tsopano ndalama zimathera kuti. Zimathera m'mbale. Anthu amaganiza kuti poti chakudya ndi chamasamba, mulibe nyama, ndiye chotchipa. Ayi ndithu. Mbale ya ukwati wachi Gujarati imakhala ndi puri, mpunga, dal kapena kadhi, ndiwo ziwiri kapena zitatu, nthawi yozizira undhiyu, kuphatikiza farsan, timakamba tija ngati dhokla, khandvi ndi patra, ndiye zotsekemera shrikhand kapena mohanthal, zonsezi zimafuna manja ambiri ndipo alendo amakumbukira ukwati chifukwa cha chakudya, zamaluwa amaiwala mawa lomwe. Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza, a caterer anu adzakupatsani awo. Nkhomaliro ya lagan, anthu 400 pa £25 mutu umodzi, ndi £10,000. Usiku wa garba anthu 250 pa £15, £3,750. Kadzutsa wolandirira jaan, anthu 100 pa £8, £800. Reception anthu 300 pa £35, £10,500. Zonse £25,050, ndipo ngati mtengo anakuuzani uja munalibe VAT muwonjezere 20 peresenti, £5,010, mwafika £30,060 musanalipire holo olo duwa limodzi. Mwaona? "Anthu 400" aja pa nkhani ya chakudya asanduka mbale 1,050. Nchifukwa chake ndimauza aliyense kuti kudula bajeti kwenikweni ndi kudula mitu pa zochitika zam'mbali. Lagan asiyireni apongozi aitane dziko lonse ngati akulipira okha, koma mehndi ikhoza kuchitikira panyumba ndi anthu 40, garba ndi mehndi zikhoza kuphatikizidwa usiku umodzi, ndipo reception yanu ikhale ya anthu amene inu mungawadyetse. Kankotri, khadi yoitanira ija, imatha kukhala ndi timapepala tosiyana, wina aitanidwa ku zonse, wina ku lagan kokha, palibe amene amakhumudwa nazo chifukwa ndi mmene zimakhalira.

Funsaninso msanga ngati banjalo kapena alendo ena ndi a Jain kapena a Swaminarayan. A Swaminarayan sadya anyezi ndi adyo, a Jain okhwima sadyanso mbatatesi ndi zina zonse zokumba pansi, nde pamafunika mphika wapadera. Mowa ndi nyama pa lagan iwalani. Ku Gujarat komweko mowa ndi woletsedwa ndi lamulo kuyambira pamene chigawocho chinakhazikitsidwa mu 1960, ngakhale kuno amalume ambiri amamwa bwinobwino pa reception. Ngati anzanu achimalawi akufuna nkhuku ndi kachakumwa, malo ake ndi reception, ndipo mukambirane kaye, mabanja ena salola olo pamenepo.

Tsiku simusankha inu. Wansembe, amamutcha maharaj, amayang'ana kalendala yawo nkupereka muhurat, tsiku ndi ola labwino. Mabanja osunga mwambo sakwatitsa mu chaturmas, miyezi inayi yoyambira cha mu June kapena July mpaka cha mu November, komanso mu kamurta kuyambira pakati pa December kufika pa 14 January. Kuno ambiri amafewetsako chifukwa cha nyengo ya dzuwa, komabe masiku abwino ogwera Loweruka ndi ochepa ndipo aliyense amawalimbirana, mitengo ya holo imakwera nawo. Pemphani maharaj akupatseni masiku atatu kapena anayi, limodzi likhale la mkati mwa sabata kapena Lamlungu, mukafunse mitengo ya onsewo. Ndipo musathamangire mahotela. Pafupifupi mtundu uliwonse wa a Gujarati uli ndi holo yake ya samaj, bungwe la mtunduwo, ku India holoyo amati wadi, ndipo apongozi anu ngati ndi mamembala amapeza mtengo wabwino, khitchini yake inamangidwira zophika zomwezi.

Pa holo pali mafunso awiri amene mukaiwala mulira. Loyamba, kodi amalola caterer wakunja, ndipo amalipiritsa zingati kugwiritsa ntchito khitchini. Lachiwiri, kodi amalola moto. Ukwati wachihindu popanda moto palibe, mkwati ndi mkwatibwi amazungulira motowo kanayi, a Gujarati ndi kanayi osati kasanu ndi kawiri ngati ena, kenako masitepe asanu ndi awiri a saptapadi. Ine ndinaonapo ndi maso anga pa holo ina, maharaj wangothira mafuta a ghee pamoto, mkwatibwi wagwira dzanja la mwamuna wake kuti ayambe kuzungulira, alamu ya utsi iyo! Anthu 300 panja pa car park, agogo atavala masari a silika akunjenjemera ndi mphepo, chifukwa amene anasaina kontrakiti sanafunse ndipo a holo sananene. Nde zilembedwe papepala kuti moto waloledwa ndipo alamu ya chipindacho aisamalira bwanji.

Tibwere ku zanu zenizeni, zimene olo apongozi atalipira zina zonse, izi zikuyang'ana inu. Mkwatibwi wachi Gujarati amavala nsalu ziwiri. Panetar, yoyera ya m'mphepete mofiira, imachokera kwa malume ake. Gharchola, yofiira ya mizere ya golide yopanga timabokosi ndi timadontho ta bandhani mkati, imachokera kwa inu akuchimuna, ndipo ndi amayi anu kapena mayi woimira banja lanu amene amamufunditsa, kutanthauza kuti tamulandira m'nyumba mwathu. Apa musaumire, ndipo amayi anu akabwera ndi nthawi yawo yoonekera imeneyi. Chinanso ndi mangalsutra, mkanda wa timikanda takuda ndi golide umene mumamuveka pa mandap. Mabanja ena amayembekezeranso seti ya golide yonse, mkanda, ndolo ndi zibangili, apa nde pamene £12,000 yanu ingathere tsiku limodzi m'masitolo a golide a pa Belgrave Road mu Leicester muno. Golide wawo ndi wa 22 carat, chidindo chake chimalembedwa 916, ndipo akuluakulu amawerengabe mu tola, tola imodzi ndi magalamu 11.66. Mtengo uli pawiri, wa kulemera kwa golideyo tsiku limenelo ndi wa ntchito yosula, nde muzifunsa zonse padera chifukwa pa wachiwiriwo ndi pamene mungatsitsitse, woyambawo sasuntha. Golide anakwera kwambiri mu 2025, choncho seti imene mkulu wake wa bwenzi lanu analandira zaka khumi zapitazo musaiyese muyezo. Gwirizanani kulemera kwake, mwachitsanzo tola ziwiri, osati chithunzi cha pa Instagram. Ndipo mufunse bwenzi lanulo, atsikana ambiri masiku ano amavala golide wa amayi awo kapena zoyerekezera pa tsikulo ndipo palibe amene amazindikira pa chithunzi. Wina akakutchulirani sari ya patola ya ku Patan ku Gujarat mungomwetulira, nsalu imodzi imalukidwa miyezi ndipo mtengo wake ndi wa galimoto yogwiritsidwapo kale, si ya ife.

Ena adzakuuzani kuti pitani mukagule ku India, ku Ratanpole mu Ahmedabad kapena ku misika ya nsalu ya ku Surat, nzotchipa. Zoona, ngati banja lonse likugula zovala za anthu khumi za masiku atatu. Koma muwerengere tikiti, malo ogona, telala wodzakonza zikapanda kukwana, komanso kuti polowa mu Britain katundu wodutsa £390 amafunika kumuonetsa nkulipira msonkho. Kwa inu nokha chijekete chachitali cha sherwani, chilemba cha kumutu ndi nsapato za mojdi, bwerekani kapena gulani pa sale, muzivala maola asanu basi moyo wanu wonse.

Pali mawu amodzi amene adzakusokonezani. Akamati mama sakunena amayi, akunena malume, mchimwene wa amayi. Ndipo mama ameneyu udindo wake ndi ngati wa atsibweni kwathu, ndi amene amabweretsa mameru, mphatso za panetar, zibangili ndi maswiti, ndi amenenso amamulowetsa mkwatibwi pa mandap inu muli kuseri kwa chinsalu cha antarpat. Mameru ya mkwatibwi si ndalama yanu. Koma apongozi akhoza kufunsa ngati mbali yanu ipanganso yake, muyankhe moona kuti kwathu malume amaima pa chinkhoswe, ndipo mukhoza kubweretsa mphatso zochepa za kumudzi, zitenje za azimayi akuluakulu a banjalo, tiyi wa ku Thyolo, mpunga wa Kilombero. Zimenezi zimakondweretsa kuposa envelopu. Za malowolo musade nkhawa, kulibe, ndipo zija mumamva zoti akuchikazi amalipira mwamuna ndi zoletsedwa ku India kuyambira 1961, musaziyembekezere olo kuzitchula.

Nanga perekaniperekani? Iwalani zoti MC aziitana anthu a kuntchito, a kumpingo, anthu nkumaponya ndalama mpaka ngongole ya holo yabwerera. Iwo ali ndi chandlo, ndalama ya mu envelopu, nthawi zonse yothera ndi 1, £21, £51, £101, ndipo pakhomo pamakhala amalume awiri ndi kope akulemba dzina ndi ndalama. Kope limenelo ndi ngongole, chifukwa mwana wa amene wapereka £51 akadzakwatira banja lanu lidzabweza yomweyo kapena kuposa. Komanso chandlo ya alendo a apongozi nthawi zambiri imapita kwa apongozi amene adyetsa anthuwo. Nde mu bajeti yanu pa mzere wa mphatso lembani ziro. Ikabwera mudzagulira sofa. Ngati mukufuna perekaniperekani pa reception yanu palibe choletsa, a Gujarati amakonda kuvina ndipo ndinaonapo akuluakulu akusangalala nazo kwambiri, bola muwafotokozere kale asaone ngati mukupemphetsa.

Zodula nzosavuta kuziona. Hatchi kapena galimoto ya lendi yofikira, ng'oma ya dhol imodzi ikukwanira ndipo phokoso lake ndi lomwelo. Maluwa enieni pa mandap yonse, a silika amaoneka chimodzimodzi, enieniwo asungireni nkhata za m'khosi za jaimala. Siteji yachiwiri ya reception, timphatso ta pa tebulo, keke ya nsanjika zisanu pamene anthu akhuta kale jalebi. Chimene sindingadule ndi maharaj wodziwa kufotokoza mu Chingerezi, kuti abale anu asangokhala maola awiri ngati ali pa depoti, ndi wojambula amene anajambulapo ukwati wachihindu, chifukwa wosadziwa amakhala akusintha batire nthawi ya kanyadaan pamene bambo akupereka dzanja la mwana wawo. Chodabwitsa nchakuti mwambo weniweniwo, moto, mpunga, kokonati, ghee, ulusi ndi dakshina ya wansembe, ndi gawo laling'ono kwambiri la ndalama zonse. Ku Gujarat komweko mitundu yambiri imapanga samuh lagna, maanja makumi angapo kukwatitsidwa tsiku limodzi pa bwalo limodzi kuti mabanja asalowe m'ngongole, nde nkhani yochepetsa si yachilendo kwa apongozi anu.

Za boma musaiwale. Ku England mwambo wa pa mandap pa wokha nthawi zambiri suwerengedwa ngati ukwati wa lamulo, mufunika wa ku register office kapena registrar abwere pa malo ovomerezeka, ndipo mumapereka notice masiku osachepera 29 tsikulo lisanafike, ngati muli pa visa akhoza kutalikitsa mpaka masiku 70. Ili ndi mtengo wake, ilembeni. Madipoziti lipirani ndi credit card pamene mungathe, chifukwa pa chinthu cha pakati pa £100 ndi £30,000 lamulo la Section 75 limakutetezani kampani ikagwa, koma mubweze mwezi womwewo. Wokuuzani kuti mundipatse cash ndikuchotserani VAT, popanda lisiti, ameneyo akadzasowa mulibe pogwira.

Ndiye pali mzere umene apongozi anu sangauganizire, wa kumudzi. Amayi ndi malume kuti abwere pafunika mapasipoti, visa, matikiti, zovala zofunda, ndipo zonsezo ndi inu, musayembekezere komiti ya ukwati ya ku Area 25 kuti itumiza mapaundi, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo forex mukuidziwa mmene ikuvutira. Visa mukhoza kufunsira miyezi itatu ulendo usanafike, chitani tsiku loyamba lomwelo, ndipo tikiti yosabweza ndalama musagule visa isanatuluke. Sankhani anthu awiri kapena atatu, otsalawo mudzawapangira chinkhoswe kumudzi chaka chinacho, chili ndi bajeti yakeyake, musachisakanize ndi iyi.

Ndikanakhala ine ndi £12,000 yanuyo, £1,500 ndikanaitsekera ku akaunti ina osaiuza munthu, chifukwa sabata yomaliza kumatuluka zinthu, alendo 30 owonjezera, ola lina la holo, minibasi. Cha m'ma £3,000 ya abale a kumudzi. Cha m'ma £3,000 gharchola, mangalsutra ndi mphete. £800 zovala zanu ndi za amayi, £400 za boma ndi timphatso. Yotsala, £3,300, ndi imene ankhoswe anu akanene kuti iyi ndi ya reception, ndipo ndalama imeneyo ndi phwando la anthu 80 kapena 100 mu holo ya samaj, osati 300 ku hotela. Apongozi akafuna lalikulu awonjezera okha, kapena mugwirizane kuti reception ichitike madzulo a tsiku la lagan mu holo yomweyo, malo amodzi, zokongoletsa zimodzi, anthu angosintha zovala.

Chomaliza, m'thumba la sherwani kapena la best man mukhale ma £5 ndi ma £10 okwana mwina £200. Pofika pakhomo apongozi aakazi adzakudalitsani kenako adzafuna kukugwirani mphuno, anzanu akutchingeni ndi kansalu, izo nzaulere. Koma mukangovula nsapato kuti mukwere pa mandap azilamu anu aziba, ndipo sazibweza popanda ndalama, adzayambira £500 akuseka, inu muyambire £21, muzikwera pang'onopang'ono. Potuluka adzatsekanso galimoto, tayala lisanaponde kokonati muperekanso kenakake. Uzani best man wanu kuti maso ake akhale pa nsapato osati pa atsikana ovina, ndipo wina mwa anyamata anu abise peyala yachiwiri m'buti.